Ndemanga: Herkimer Home, Little Falls, New York

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Malowa ndi a munthu amene akufuna kumvetsa mmene nkhondo yomenyera ufulu wa America inang'ambira mabanja a m'chigwa cha mtsinje wa Mohawk. Ofuna nyumba yodzaza ndi zonyezimira asavutike.

Pamafunika galimoto. Mukakhala pa msewu wa I-90 mupatukire pa 29A, mulowe mu Route 169, ndipo posachedwa mwafika. M'kati mwa nyumba amalowetsamo alendo m'nyengo yotentha, choncho funsani masiku ake musananyamuke, mungakangozungulira panja.

Nyumbayi ndi yanjerwa, yosanja, ndipo inamalizidwa cha m'ma 1764. Mwini wake, Nicholas Herkimer, anali mwana wa Johan Jost Herkimer, mmodzi wa Ajeremani ochokera kudera la Palatinate amene anakakhazikika ku German Flatts, kumalire kwenikweni kwa midzi ya atsamunda. Musathamangire kulowa. Yambani mwaima pabwalo n'kuyang'ana kumtsinje. Mathithi a Little Falls ankatsekereza mabwato, katundu ankatsitsidwa n'kudutsa pamtunda, ndipo banjali linalemerera pa ntchito imeneyi, pa malonda ndi pa minda. Ambiri mwa ogwira ntchitozo anali akapolo. Za iwowa muzifunsa ndithu wokuperekezani, chifukwa zipinda zokongolazo sizinena zokha.

Chokoma kwambiri ndi nkhani ya banja. Mng'ono wake wa Nicholas, dzina lakenso Johan Jost, anakhala kumbali ya mfumu ya Britain. Zimenezi zinamuvutitsa Nicholas mu Ogasiti 1777, pamene ankatsogolera amuna pafupifupi 800 a m'dera la Tryon County, pamodzi ndi ankhondo a Oneida, mtundu wa eni nthaka, kukapulumutsa linga la Fort Stanwix limene Barry St. Leger, mtsogoleri wa asilikali a Britain, analizinga. Nicholas ankafuna kudikira kulira kwa mzinga kuchokera kulingako, koma akuluakulu ena a gulu lake anamunena kuti ndi wamantha, mwina n'kutheka ali kumodzi ndi mbale wake uja. Analola kunyamuka. Pa 6 Ogasiti analowa m'chigwembe cha Oriskany, mmene ankhondo a mitundu ya Mohawk ndi Seneca, ndi asilikali okhulupirika kwa mfumu anawabisalira. Chipolopolo chinamuphwanya mwendo n'kupha kavalo wake. Anamutsamiritsa pamtengo, napitiriza kulamula, kaliwo ali kukamwa. Mvula yamphamvu itadukiza nkhondo, anaika amuna awiriawiri pamtengo umodzi kuti wina akaomba, mnzake akhale ndi mfuti yodzaza. Mfuti za nthawiyo zinkachedwa kuthira onga, ndipo munthu akakhala yekha ankakanthidwa ndi nkhwangwa asanamalize.

Nicholas anamwalira m'nyumba yomweyi pa 16 Ogasiti atadulidwa mwendo, magazi osaleka. Anakwatira kawiri koma sanasiye mwana. Manda ake ali pamanda a banja, mtunda wongoyenda pansi kuchokera pakhomo, pali chipilala chachitali chimene chinaimikidwa mu 1896.

Nyenyezi yachisanu yachoka pazifukwa ziwiri. Nyumbayi inadutsa m'manja mwa eni ena amene anaisintha boma lisanaitenge n'kuikonzanso, ndiye si chilichonse mukuchionacho chimene Herkimer anachigwirapo. Muzifunsa chipinda ndi chipinda kuti chake chenicheni n'chiti. Chachiwiri, pano mumangomva za chigwembe chija osachiona. Bwalo la nkhondo la Oriskany lili kumadzulo, kupitirira Utica, ulendo wosakwana ola limodzi, ndipo Fort Stanwix ili mumzinda wa Rome, makilomita pafupifupi 10 kutsogolo kwake. Patulani tsiku lathunthu: nyumba m'mawa kwa maola awiri, Oriskany masana, linga madzulo. Valani nsapato zotseka, udzu wa kumanda umakhala ndi mame m'mawa.