Laputopu ya magemu: yatsopano, yobwezedwa kapena ya m'manja mwa munthu?

Anzanga, wina akandifunsa kuti "ndigule kuti motchipa?" ine ndimayamba ndamufunsa kuti m'kati mwa laputopuyo muli GPU yanji. Kachipangizo kojambula zithunzi za gemu kameneka amachita kukawotcherera pa bolodi, ndiye simungakazule mawa n'kuikapo kena. RAM (memori imene makina amagwiritsa ntchito akamathamanga) ndi SSD (mosungira mafayilo), pa mitundu yambiri, mumawonjezera nokha ndi sikuludiraiva. Choncho ndalama zithere pa GPU, zinazo zidzabwera m'thumba mukalowa kanthu.

Yatsopano ya chaka chomwecho sindichedwa nayo. Ndiyo yodula kuposa zonse, ndipo gawo lina la ndalamazo mukulipirira kungokhala woyamba kung'amba katoni. Ngati mtima wakakamira pa yatsopano, tsikirani ku mitundu yotchipirapo: Lenovo LOQ m'malo mwa Legion, Acer Nitro m'malo mwa Predator, ASUS TUF m'malo mwa ROG, HP Victus m'malo mwa Omen. Dzina la GPU limakhala lomwelo. Zimene amachepetsa ndi sikirini, masipika ndi chikuto, chimene chimakhala chapulasitiki. Koma samalani ndi mawati, mphamvu ya magetsi imene GPU imapatsidwa. GPU ya RTX 4060 ya mu laputopu imatha kupatsidwa mawati 35 okha pa makina opyapyala, pomwe pa ena imapatsidwa 115. Pa stika zonse ziwiri alemba 4060, koma zikamathamanga ndi mbuzi ndi galu.

Njira imene ine ndimaikonda ndi yatsopano ya m'badwo wapitawo. Makampani amakonda kuonetsa makina awo atsopano ku CES, chionetsero cha mu Januwale ku Las Vegas, ndipo katunduyo akayamba kufika m'masitolo, ogulitsa amafuna kupeputsa mashelefu. Ma RTX 40 a laputopu anatuluka mu 2023, ma RTX 50 mu 2025, ndipo RTX 4060 sinasiye kugwira ntchito tsiku limene mng'ono wake anabadwa. Imabwera yosatsegulidwa, waranti yathunthu, batire losagwiritsidwapo ntchito. Chimene imafuna ndi kudikira basi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Black Friday, kumapeto kwa Novembala, imathandizanso, koma muyambe kulemba mtengo miyezi iwiri isanafike. Chikwangwani cha "tatsitsa" chimatha kukhala pa mtengo umene unakwezedwa dzana. Ndipo musabwerere m'mbuyo mopitirira. RTX 3050 yoyamba ija ili ndi 4GB yokha ya VRAM (memori ya GPU), RTX 4050 ili ndi 6GB, RTX 4060 ili ndi 8GB. Magemu akuluakulu a masiku ano 4GB amaidya ngati ndiwo zolawa.

Yobwezedwa ili pakatikati. Wina anagula, anatsegula, sanaikonde, nabweza. Kapena inali ndi vuto ndipo anaikonza. Dell ndi Lenovo ali ndi masitolo awo a pa intaneti a katundu wotere otchedwa Outlet, Amazon ili ndi Renewed. Apa mawu oti "refurbished" (yokonzedwanso) asakunamizeni, chifukwa yokonzedwa ndi kampani yomwe inaipanga ndi ina, yongopukutidwa ndi kansalu ndi wogulitsa ndi inanso. Funsani kuti waranti ndi ya miyezi ingati, akupereka ndani, ndiponso ngati imagwira ntchito m'dziko limene mukukhala. Ikachokera kunja, phatikizani mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu musanayambe kusangalala.

Yotchipitsitsa pa zonse ndi ya m'manja mwa munthu, ndipo ndi imene inandipweteka. Ndinakumana ndi wogulitsa, anaiyatsa, magetsi a pa kiyibodi ali phuliphuli, gemu inatseguka, ndinalipira pasanathe mphindi zisanu. Kufika kunyumba, nditasewera mphindi 20, mafani anayamba kulira ngati chigayo, purosesa inafika madigiri 95, chithunzi n'kumadukaduka. Nditatsegula pansi pake ndinapeza fumbi lolukana ngati bulangete, ndipo fani imodzi inkazungulira monyinyirika. Chikomekome cha mkuyu.

Sindikuti musagule ya munthu, koma muziipima musanatulutse ndalama. Seweranipo gemu yolemera kwa theka la ola, pulogalamu ngati HWiNFO ikuonetsa kutentha. Pa Windows lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, pulogalamu yolembamo malamulo, muyerekeze mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene latsala nayo. Tsekulani ndi kutseka chivundikiro kangapo kuti mumve mahinji. Onani ngati tchaja ndi chake chenicheni, chifukwa makina amenewa amafuna cha mawati ambiri, nthawi zina oposa 200, ndipo chogula padera sichitchipa. Wogulitsa akati ali pachangu, msiyeni apite ndi changu chakecho.

Zolipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi sizitsitsa mtengo, zimangoubisa. Chulukitsani ndalama ya pamwezi ndi miyezi yonse muone. Ine nditati ndigulenso lero, ndingasake RTX 4060 ya mawati okwanira, yosatsegulidwa kapena yokonzedwa ndi kampani yake, yokhala ndi malo opanda kanthu oikapo RAM ndi SSD yachiwiri. Mtengo wa RAM ndingauone sabata yomweyo, chifukwa sukhazikika.