Kashopu ka ma spea ku Ulongué, LM393 yandigwirira ntchito

Amene mumapanga za sola kuno ku Angónia, kashopu ka ma spea a wayilesi kali kuseri kwa msika wa Ulongué kaja musamangokadutsa. Panja sikaoneka bwino koma mkati tizipangizo tili m'timabotolo mbwee, ndipo bambo amagulitsamowo ntchito amaidziwa zedi.

Ine ndimafuna nyali ya pakhomo iziyaka yokha kukada. Ndiye pamafunika kutembenuza, volteji ya panelo ikatsika dzuwa litalowa, kwinaku ikwere nyali iyake. Ndinapempha LM358, chip yokulitsa volteji (op-amp), poti ndi imene ndinazolowera, iwo amvekere "ayi achimwene, apa mukungofuna kuyatsa ndi kuzimitsa, tengani LM393." Ndipo ankanena zoona. Zonse ziwiri zili ndi miyendo 8, moto pa 8, ground pa 4, koma LM393 ndi comparator, ntchito yake ndi kufananiza ma volteji awiri basi. Waya wa panelo umadutsa kaye pa ma resistor awiri ochepetsa volteji nkulowa pa mwendo 2, pa 3 mumaika volteji yokhazikika yoyezera, ndiye ya pa 2 ikangochepera ya pa 3 mwendo 1 umakwera. Kungoti chip imeneyi siikweza yokha, imangodziwa kukokera pansi, pamafunika resistor ya 10k kuchoka pa 1 kupita ku positive, ndipo bambowo anandikulungira mpepala limodzi ndisanafunse nkomwe. Anaikamonso ina yayikulu yochoka pa 1 kupita pa 3 kuti nthawi ya chisisira nyali isamaphethire-phethire. Zimenezi ndiye zinandisangalatsa kwambiri, ogulitsa ena amangolandira ndalama basi.

LM358 ndinatengabe ya geji ya thanki ya madzi imene imawerenga chobwerera, kuti 0 mpaka 5V ikhale 5 mpaka 0V. Apa ndiye pake, pamangofunika ma resistor awiri a 100k, komanso 2.5V pa mwendo 3. Musaipatse 5V chifukwa volteji imene imatulutsa imathera cha pa 3.5V, ipatseni 12V ya batire.

Chimene sichinandikomere, MOSFET (transistor yogwira ntchito ngati switch) analibe, akuti ndidikire katundu wochokera ku Tete kapena ndikayang'ane ku Dedza. Komanso tizipangizo tina ndi tozula m'mawayilesi akale ndipo tili m'botolo limodzi ndi tatsopano, ndiye muziyang'ana miyendo ngati ili ndi solder musanalipire.