Famase ya pa Boma yomwe inayamba yandifunsa buku la achimwene

Achimwene anga amamwa mankhwala a matenda a maganizo, aja madokotala amati schizophrenia, kuyambira pomwe anatuluka ku Zomba Mental Hospital. Madzulo amamwa chlorpromazine, komanso Artane woti thupi lisamaume. Mutu unakhazikika, tikuthokoza Mulungu. Koma chaka chino ndinayamba kuwaona akusisita pachifuwa akangotha kudya, akugeya pafupipafupi, pakati pa usiku n'kumadzuka kutsokomola ndi kulavula. Kuwafunsa, amangoti, "Palibe kanthu, mlongo wanga." Ndi mmene alili, sadandaula. Ine ndinadziwira pa usipa wokazinga, ndiwo yomwe amaikonda kwambiri, atayamba kuusiya m'mbale.

Poyamba ndinkangowagulira magineziyamu pa okala, n'kuwapatsa nthawi imodzi ndi mankhwala awo a madzulo. Zitapitirira ndinakwera kabaza kupita ku famase ina pa Boma, mbali ya kumsika.

Mnyamata wa pakauntala sanathamangire kutenga ndalama. Anati, "Amayi, odwalawo akumwa mankhwala ena ati? Buku lawo la kuchipatala mwatenga?" Mwamwayi linali m'chikwama. Analiwerenga mofatsa, ndipo anandiuza kuti ichi n'chilungulira, asidi wa m'mimba akubwerera kukhosi. Anafotokoza kuti mankhwala ngati chlorpromazine ndi Artane amachedwetsa chakudya kutsika m'mimba, ndiye munthu akagona atangodya, asidi uja amakwera mosavuta. Achimwene ndi momwemo ndithu: nsima, mankhwala, tulo tomwe pamphasa. Fodya wopichira yemwe amasuta nayenso akuti amawonjezera.

Chinandiopsa n'chakuti magineziyamu akamwedwa limodzi ndi chlorpromazine amalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi. Pamafunika kusiyanitsa ndi maola 2. Pa okala palibe anandiuzapo zimenezi, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndikuthandiza.

Anandigulitsa omeprazole wa 20 mg, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, kapisozi mmodzi m'mawa, mphindi 30 asanamwe tiyi. Anabwereza kawiri kuti mankhwala a maganizo tisasiye ngakhale tsiku limodzi, ndipo tikawauze a kiliniki pa tsiku lathu. Akayamba kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda bii kapena kuvutika kumeza, tisabwererenso ku famase koma tithamangire kuchipatala.

Kunyumba tinasintha zingapo. Nsima ya madzulo tikudya dzuwa lisanalowe, kambuzi tachotsa, usipa tikuphika wa msuzi. Ndinawasamutsira pabedi n'kuika njerwa ziwiriziwiri pansi pa miyendo ya kumutu. Patatha sabata imodzi kutsokomola kwa usiku kunachepa kwambiri. Fodya ndiye nkhondo ikadalipo.

Chomwe sichinandisangalatse ndi malo. Famaseyo ndi yopanikiza, kauntala ndi imodzi, ndipo zonse zomwe tinkakambirana ankazimva anthu omwe anali kumbuyo kwanga. Mayi wina atamva dzina la Zomba anatembenuka kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kuno ku Mangochi timadziwana, ndipo mawu oti "wamisala" sachedwa kufika kumudzi. Eni ake akanaika kabenchi pakona, kapena katani chabe, poti munthu azilankhula momasuka. Mtengo nawo ndi wokwererapo poyerekeza ndi kwina.

Komabe mwezi wamawa ndidzapitanso komweko, buku lili m'manja. Ulendo uno achimwene akuti tidzapitira limodzi, akufuna akamufunse okha mnyamata uja za fodya.