Masiku 19 kuchidikiro: zomwe ndinaona ndili gadiyani

Mimba ya mng'ono wanga itangolowa mwezi wachisanu ndi chinayi, anesi kusikelo anamuuza kuti ulendo wotsatira abwere ndi mphasa, asadzabwererenso kunyumba, adzakhale kuchidikiro, nyumba ya pachipatala imene amayi oyembekezera amadikiriramo tsiku lochira. Kwathu n'kuseri kwa esiteti ya tiyi, mbali ya ku Muloza, ndipo kuti ukafike pachipatala chathu chaching'ono umawoloka mitsinje iwiri, wina wopanda mlatho. Unali mwezi wa Febuluwale. Mvula ya ku Mulanje mukuidziwa: imagwa kuphiri iwe ukuwotha dzuwa, kufika pamtsinje madzi alekeza m'chiuno. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kwathu palibe amachita masewera ndi madzi ochokera kuphiri. Ndinasiya geni yanga ya nanazi m'manja mwa mwana wanga wamkulu n'kunyamuka ngati gadiyani. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa madandaulo ndili nawo, komanso anesi akewo ndidzawafunabe mawa.

Chidikirocho ndi chipinda chimodzi chachikulu, chamalata, pansi pa simenti. Mabedi tinawerenga asanu ndi atatu, amayi oyembekezera anapitirira 20. Bedi amalipeza amene wabwera kale, kapena amene anesi aona kuti sali bwino. Mng'ono wanga anagona pansi masiku 11 asanapeze lake, ndipo munthu wa mimba yotopa kudzuka pamphasa usiku kanayi kupita kuchimbudzi si nkhani yoseketsa. Ife agadiyani tinkagona kukhitchini, utsi uli m'maso. Malowo salipiritsa ngakhale tambala, koma musanamizidwe ndi mawu oti ulere. Ufa ndi wanu, ndiwo ndi zanu, nkhuni ndi zanu. Febuluwale ndi mwezi wanjala, ndiye ena ankabwera ndi makaka okhaokha ndi kachitini ka nandolo. Ndinaona mayi wina akumanga katundu kubwerera kumudzi tsiku lachisanu ndi chimodzi chifukwa thumba la ufa linali litagwa pansi. Tinasonkherana kambale kambale n'kumubweza ali pageti. Ngati pali chimene akuluakulu ayenera kukonza msanga, n'chimenechi: phala lokha la m'mawa likanasunga amayi ambiri pamalopo.

Madzi ndi apamjigo, mzere umayamba tambala woyamba. Zimbudzi ziwiri, china chitseko chake ndi chitenje. Magetsi akazima, tochi yanu ndiyo imagwira ntchito. Katundu amene amauza kusikelo tengani yense: zitenje, beseni, chipepala chakuda chija choyala pabedi, lezala latsopano, ulusi, ndi neti munalandira ija. Buku la kusikelo likhale pamwamba pa chikwama, osati pansi pa zovala.

Tsopano zabwino zake, zimene zandichititsa kulemba. M'mawa uliwonse amayi ankaitanidwa kukayezedwa BP, kugwiridwa pamimba, ndi kumvetsera mtima wa mwana ndi kachipangizo kaja kangati lipenga. Anesi anali awiri okha, kusinthana usana ndi usiku, nthawi yomweyo kuli sikelo, kuli olera, kuli wina ali pamatenda. Mmodzi anali wa pakamwa polusa, ankakalipira anthu akuluakulu ngati ana a sitandade wanu, ndipo zimenezo sindinazikonde. Koma yemweyo ndi amene anaona mtsikana wina wa mimba yoyamba atatupa nkhope, akudandaula mutu ndi kuona zinyenyezi, n'kumulembera kalata ya ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Ambulansi inachedwa mpaka madzulo, akuti mafuta. Zinandinyansa. Komabe mtsikanayo anapita akuyenda yekha, sanachite kunyamulidwa akukomoka.

Panalinso nkhani ya mwanamphepo. Agogo ena anabwera nawo m'botolo la Sobo, atabisa mumtanga wa ufa, kuti mdzukulu wawo amwe matenda afulumire. Anesi atautulukira sanakuwe ayi. Anatisonkhanitsa tonse pakhonde, botolo lili m'manja, n'kunena kuti mankhwala otere amafinya chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, chiberekero chimatha kung'ambika. Agogowo anayankha kuti, "Ife tabereka asanu ndi awiri ndi womwewu, anesi." Anesi anangofunsa kuti, "Nanga anzanu onse munayamba nawo uchembere alipo, agogo?" Pakhonde panati zii.

Funso limenelo linandikhudza. Ine ndi mng'ono wangayu tinabadwira kwa azamba, ndipo amayi amawatchulabe mwaulemu mpaka lero. Boma litaletsa azamba kuchiritsa amayi mu 2007, kumudzi tinkati n'zachipongwe. Mayi Joyce Banda atalowa mu 2012 nkhani ya uchembere wabwino inamveka paliponse, nyumba zodikiriramo zinamangidwa m'zipatala zina, mafumu nawo n'kuyamba kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo. Chindapusacho ine sindichikonda, chimagwera wosauka amene wachirira panjira chifukwa chosowa ya kabaza. Koma azamba, ngakhale aluso bwanji, alibe dripu. Izi ndinaziona ndi maso angawa.

Matenda anayamba usiku wa tsiku la 18, cha m'ma 2 koloko, mvula ikuwomba malata mpaka osamvana. Kuchokera pabedi lake kufika kuleba ndi mtunda woti ungaponye mwala. Ndinamufunditsa chitenje, n'kumugwira mkono, basi tafika. Kutangoyamba kuyera kunja mwana analira, wamkazi. Ndinali pakhomo ndikusunga phala m'fulasiki pamene anesi aja olusa anatulutsa mutu: "Agadiyani, lowani mundigwirire tochi." Magazi anali atadutsa chipepala chakuda, akudontha pasimenti. Mng'ono wanga milomo itayera, ankangoti, "Achemwali, ndikumva kuzizira." Jakisoni wa pantchafu anali atamubaya kale. Anamuika dripu, n'kuyamba kumutikita pamimba mwamphamvu, uku akuyang'ana ngati china chatsalira m'kati. Dzanja langa linkanjenjemera, tochi ikuvina. "Gwirani bwino, mayi, musaope," anatero osandiyang'ana n'komwe. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati, koma ndinamva akuusa moyo n'kunena kuti chiberekero chalimba, magazi asiya.

Kwa amene mukufunsa ngati chidikiro n'choyenera kupitako: kwa wokhala kutsidya kwa mtsinje ngati ife, inde, pitani, ngakhale mugone pansi. Pa 10 ndikupatsa 7, ndipo atatu ndachotsawo ndi a njala, mabedi ndi ambulansi. Yambani kusunga ufa ndi nkhuni mimba ikadali yaing'ono, ndipo sikelo musayambe mochedwa. Masiku ano amafuna maulendo asanu ndi atatu, ndipo n'komwe mumalandira Fansidar woteteza ku malungo, mapilitsi owonjezera magazi ndi katemera wa kafumbata. Mukakhala ndi funso, kuli Chipatala Cha Pa Foni, kumene mumaimba mwaulere n'kufunsa za umoyo. Mlamu wanga anaimbako kawiri tisanapite, mapazi a mkazi wake atatupa, ndipo anamuuza kuti asadikire tsiku la sikelo.

Mlamuyo tinamuimbira m'mawa womwewo kuti wachira. Anafika cha m'ma 3 koloko masana, buluku litanyowa mpaka m'chiuno, nkhuku ataikweza pamutu. Akuti anakhala pagombe kuyambira m'mamawa ndi anthu ena opita kukathyola tiyi, kudikira kuti madzi aphwe. Tinatuluka mawa lake. Mphasa yathu ndi nkhuni zotsala tinasiyira mayi uja tinamubweza pageti, amene anali akudikirabe.