Kusiyana kwa nsagwada ya m'munsi ndi ya m'mwamba

Mwa mafupa 14 a nkhope, nsagwada ya m'munsi yokha ndiyo imayenda. Ndi fupa limodzi lolimba lolumikizika ndi chigaza kutsogolo kwa khutu, ndipo ndilo limagwira ntchito tikamatafuna chimanga chokazinga cha ku Angónia.

Ya m'mwamba ndi mafupa awiri ogwirana pakati, osasuntha. Imanyamula mano 16 a munthu wamkulu monga inzakeyo, komanso imapanga denga la m'kamwa, mbali za mphuno ndi pansi pa maso, ndipo mkati mwake muli mphako za mpweya. Ine ndimaopa kwambiri kuthyoka kwa iyiyi, chifukwa munthu wogwa pa njinga yamoto ku Ulongwe akhoza kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuvutika kupuma, pomwe ya m'munsi ikathyoka kawirikawiri mano sakumana bwino.