eFootball pafoni: yaulere polowa, koma thumba limamva

Alamu anga a ku Katete andifunsa ngati angalole mwana wawo kuika gemu ya mpira ya eFootball mufoni ya pakhomo, poti amva kuti ndi yaulere. Ine ndayamba kuisewera mvula isanagwe, ndipo pano chimanga chili m'nkhokwe, ndiye ndili nacho chonena.

Gemuyi ndi ya kampani ya Konami ya ku Japan. Kale inali PES, mu 2021 anaisintha dzina n'kuyamba kuipereka popanda kugula. Mpira wake ndi weniweni. Wosewera akatembenuka umaona kuti ali ndi thupi, pasi yofooka imalandidwa, ndipo nkhope ya Messi ndi yake ndithu. Foni yanga si yapamwamba koma imakwanitsa, ngakhale imatentha ikafika gemu yachitatu. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Chomwe chandivutitsa miyezi yonseyi ndi netiweki. Gemuyi imakoma ukamalimbana ndi munthu mnzako pa intaneti, ndipo netiweki ikaduka mpira uli mkati, amene wadukayo ndiye amawerengedwa kuti wagonja. Kuno ku Kapata mu Chipata magetsi akazima madzulo netiweki nayo imafooka. Tsiku lina ndinali patsogolo 2-0, patatsala mphindi zochepa kuti ndikwere gulu lapamwamba lomwe ndinalivutikira sabata yonse. Osewera anga anayamba kuyenda ngati ali m'matope, ndikakanikiza pasi mpira ukuchoka mochedwa, kenako chithunzi chinangouma. Pobwerera ndinapeza andilembera kugonja. Ndinakwiya mpaka kuichotsa mufoni, ndipo patapita masiku ndinaibwezera, bandulo ina n'kupita. Tsopano ndimasewera m'mamawa anthu asanadzuke, nthawi imeneyo imayenda bwino kwambiri moti ndimaiwala mkwiyo wonse.

Za ndalama ndiye alamu amvetse. Magemu otere amafalikira chifukwa khomo lake ndi lotsegula. Call of Duty Mobile itatuluka mu 2019 anthu anaiika m'mafoni kokwana 100 miliyoni sabata yoyamba yokha, ndipo PUBG Mobile inadutsa 1 biliyoni mu 2021. Phindu amalipeza mkati. Mu eFootball muli makoini ogula ndi ndalama zenizeni, ndipo osewera otchuka amabwera mwamaere: utha kulipira koma amene ukumufuna osatuluka. Munthu wamkulu amadzigwira. Mwana wa giredi 8 akaona anzake ali ndi timu ya nyenyezi, mtima sukhala pansi.

Ambirife tilibe khadi la kubanki logulira pa Google Play, choncho timadalira anyamata ogulitsa makoini pa WhatsApp, kuwalipira pa mobile money. Wanga poyamba anachita bwino, makoini analowa tsiku lomwelo. Ulendo wotsatira ndinatumiza K250, iye n'kuyamba nyimbo ya "mawa, bwana". Kenako anati ndimupatse pasiwedi ya akaunti kuti alowe yekha. Ndinakana, chifukwa timu yomwe ndamanga miyezi yonseyi ikanapita m'manja mwake. Ndinachita kumulondola pomwe amakonzera mafoni pafupi ndi msika, pamaso pa makasitomala ake, m'pamene anandibwezera K150. Yotsalayo mpaka lero akuti akudikira "abwana ake a ku Lusaka".

Ndikaphatikiza mabandulo ndi makoini, ndalama yomwe yalowa mu gemu yaulereyi ikanagula thumba la feteleza. Zimandiwawa, komabe sindiileka, poti GP, ndalama ya mu gemu yomwe umapata posewera, imakwanira kumanga timu yolimba ngati uli woleza mtima. Makoini okha ndasiya.

Alamu, mwanayo muloleni asewere, koma foni ikhale yopanda ndalama pa mobile money, PIN musamuuze, ndipo bandulo mumugulire ya pasabata. Ikatha, adikire Lolemba.