Kuyezetsa sickle cell pa labu ina ku Old Town: kuyeza amatha, koma kufotokoza ndiye ayi

Kwa amene mukufuna kuyezetsa sickle cell (matenda otengera kwa makolo omwe amapinda maselo ofiira a magazi) muno mu Lilongwe musanalowe m'banja kapena musanatenge mimba, labu yapulayiveti yomwe tinapitako ku Old Town pa ukhondo ndi changu ndilibe nayo mawu, koma pa nkhani yomufotokozera munthu zotsatira zake akuperewera kwambiri, ndipo zinandikhudza. Ine ndinapita ndi bwenzi langa tisanapange chinkhoswe chifukwa mwana wa achemwali anga ali ndi matendawa, ndamuonapo akulira usiku onse timanja ndi timapazi titatupa, maso achikasu, kumangothamangira naye ku Central kuti akamuonjezere magazi, ndiye kwathu nkhani imeneyi siyocheza.

Malo ndi oyera, mzere unali waufupi, amalandira Mpamba ndi Airtel Money. Mtsikana wotenga magazi uja ndiye anandisangalatsa zedi, jakisoni anatsegula ine ndikuona, kabotolo kachivindikiro chapepo kaja analembapo dzina ndi tsiku lobadwa nkundionetsa kuti nditsimikize kuti ndi langadi, kenako anafunsa ngati ndinaonjezeredwapo magazi miyezi itatu yapitayi. Funso limeneli ndi lofunika abale chifukwa magazi a munthu wina akakhala kuti akadali mthupi mwako amasokoneza zotsatira, mwana wa SS (wodwala sickle cell) akhoza kuoneka ngati AS (wongonyamula matendawa osadwala).

Vuto linayambira pa risepushoni. Anangofunsa kuti mukufuna yotchipa kapena yodula, basi. Yotchipayo ndi sickling test, imangonena kuti positive kapena negative, siyisiyanitsa munthu wongonyamula ndi munthu wodwala. Yodulayo ndi Hb electrophoresis yomwe imatulutsa zilembo zenizeni, AA (alibe matendawa ndipo sananyamule), AS kapena SS. Ine ndinapita ndikudziwa kale chifukwa cha achemwali, koma munthu woti ndalama ndi zoperewera atenga yotchipa ndithu, nkupita kunyumba ndi pepala la positive mtima uli phaphapha poganiza kuti akudwala pomwe mwina ndi AS chabe. Mtengo wa electrophoresis umapweteka mthumba sindinama, komabe ndi yoyezetsa kamodzi moyo wako onse, ma gene sasintha.

Tsiku lotenga zotsatira anatipatsa ma envulopu awiri, ine AS, iye AA. Nditafunsa ngati pali wina woti tikhale naye pansi anangoti mukafunse adokotala anu. Pabenchi panali bambo ena ndi akazi awo, mayiwo ali ndi khanda kumbuyo, onse awiri mapepala awo alembedwa AS, bambowo kumangotembenuza pepala uku ndi uku kenako anandifunsa chapansipansi kuti achemwali, ndiye kuti tonse tikudwala? Zoona munthu walipira ndalama zake akafunse mlendo pabenchi?

Zomwe akanayenera kuuzidwa sizotenga ngakhale nthawi. Gene yomwe ikukhudzidwa imatchedwa HBB, ili pa chromosome 11, imathandiza kupanga hemoglobin yonyamula mpweya m'magazi, ndipo aliyense amatenga imodzi kwa mayi ina kwa bambo. Wa AS nthawi zambiri sadwala, ndipotu amatetezekako ku malungo akulu aja, nchifukwa chake gene imeneyi ndi yochuluka kuno ku Africa komwe kuli udzudzu. Koma AS akakwatirana ndi AS, mimba iliyonse pali mwayi wa 25 peresenti woti mwana akhala SS, 50 peresenti AS, 25 peresenti AA. Ndipo apa anthu amasokoneza, sikuti mukabereka ana anayi ndiye kuti mmodzi yekha adwala, ayi, zili ngati mayere omwe amayambiranso mimba iliyonse, onse anayi akhoza kutuluka bwinobwino kapena awiri motsatizana nkukhala SS. Chinanso chomwe chimandiwawa, mwana wa SS watengera mbali zonse ziwiri. Achemwali anga ananenedwa ndi akuchimuna kuti matendawa ndi akwanu, ena mpaka nkhani za ufiti, pomwe alamu nawonso ndi AS. Labu yoyeza za chibadwa cha anthu ikuyenera kudziwa kuti kapepala kameneka kakhoza kugwedeza banja, ikhale ndi nesi kapena kiliniko woti anene zinthu zimenezi mwamuna ndi mkazi ali limodzi.

Ndikudziwa ena muti nanga kunja si apeza mankhwala. Eya, ndi zoona, mu November 2023 dziko la Britain linavomereza Casgevy, America inatsatira mu December chaka chomwecho, ndi chithandizo choyamba kuvomerezedwa chogwiritsa ntchito CRISPR, njira yodulira DNA ija yomwe Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier analandira nayo Nobel mu 2020. Amatenga maselo opanga magazi a wodwala yemweyo, nkukasintha kachigawo ka gene ya BCL11A kuti thupi liyambirenso kupanga hemoglobin yomwe mwana amakhala nayo ali m'mimba, imene siyipinda maselo, kenako wodwala amalandira chemo yamphamvu nkumubwezera maselo aja. Victoria Gray wa ku Mississippi anali woyamba wa sickle cell kulandira mu 2019. Nditawerenga ndinasangalala kwambiri poganizira mwana wathu, koma mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, ndipo pamafunika chipatala chokhala ndi zipangizo za bone marrow transplant (kumuika munthu maselo opanga magazi a m'mafupa), ndiye kwa mwana wa ku Kawale kapena Area 25 zimenezi zikadali kutali.

Zomwe zingamuthandize pano ndi hydroxyurea, yomwe nayonso imakweza hemoglobin yomweyo ya ukhanda ndipo imachepetsa kuphwanya kwa thupi kuja, penicillin kwa ana aang'ono, folic acid, katemera, neti usiku uliwonse, kumwa madzi ambiri, kumufunditsa nthawi ya June ndi July komanso kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Zonsezi zimayamba mwana akayezedwa msanga, ndiye banja la pabenchi lija limayenera kuuzidwa pompo kuti khandalo nalonso liyezedwe, ndinawauza ndine.

Ndibwererako ndi mng'ono wanga chifukwa magazi amatenga mwaukhondo ndipo zotsatira zinatuluka tsiku lomwe analonjeza. Inu mukapita nenani nokha kuti mukufuna electrophoresis, pitani nonse awiri, ndipo konzeranitu dokotala kapena kiliniko woti mukamuonetse mapepalawo tsiku lomwelo chifukwa pa labupo sakufotokozerani.